Buku Lakale Labwerera ku Thambani

1. A Stafford a pa fotokope

Inu ana a sukulu, tasiyani kaye phokosolo. Nanunso akuluakulu amene munkabwera kudzajambulitsa ziphaso pa kashopu kathu kuseri kwa msika wa pa Mwanza, sunthirani kuno. Ndikufuna nditchule dzina la mwamuna wanga, malemu a Stafford, aja nonse munkangoti a Stafford a pa fotokope. Udzu wamera kale pamanda awo, koma ine mpaka lero makina akayamba kulira ndimacheuka, kuyesa ali kumbuyo kwanga.

Ine ndine Esinati. Sukulu sindinapite nayo patali, ndiye ndilemba momwe ndimayankhulira. Lero ndikuuzani za mwana wathu Liness, ndi za buku limodzi lakale limene linatipulumuka m'manja.

Shopu ija a Stafford anaitsegula matipate itangobwera kumene, ali ndi taipi imodzi yakale. Kenako kunabwera makina a fotokope, kenako kompyuta. Ine ntchito yanga inali kupinda mapepala ndi kumenya stepula. Liness anakulira pansi pa tebulo lomwelo, akutafuna tizidutswa ta mapepala. Pomaliza folomu folo anali akuwadziwa makina onse kuposa bambo ake, ngakhale iwo sankavomera.

Chaka china bungwe lina linagawa mafoni kwa azaumoyo, aja kumudzi timangoti adokotala. M'mafonimo munali pulogalamu yothandiza pa malungo a ana. Ukalembamo za mwana, foni imakuuza mapiritsi oti amwe. Vuto lake, zolemba za pafonipo zinali Chingerezi chokhachokha, tizilembo take ngati nyerere. Ndiye abungwe anabwera kwa a Stafford kuti awasindikizire buku la Chichewa, la zilembo zikuluzikulu, losonyeza podina ndi polemba. Chikuto chake chinali chachikasu.

Tsamba lapakati ndinalipinda kambirimbiri moti ndinaliloweza. Linkati: bokosi loyamba lembani miyezi ya mwana, bokosi lachiwiri lembani kulemera kwake.

2. Mawu a pakhonde

A Stafford atayamba kudwala, kunabwera uthenga woti pulogalamu ija isintha, ndiye pakufunika buku latsopano. Nthawi imeneyo anali atasiya kupita ku shopu. Ankangokhala pakhonde atafunda chitenje changa, dzuwa lili pamutu, akuti akumva kuzizira. Tsiku lina anaitana Liness, ine ndikuswa mtedza pambali.

"Khala apa, mwana wanga," anatero. "Ntchito iyi ndikuona kuti uigwira wekha, ndiye umvetsetse. Foni imasintha yokha. Ikangopeza netiweki basi yasintha, siodira munthu. Koma buku silisintha. Likatuluka pakhomo pano limanena zomwezo mpaka chiswe chitalidya. Ndiye tsiku limene foni yasintha, buku lakale lasanduka munthu wabodza. Ndipo ndi wabodza woopsa, chifukwa anthu anazolowera kumukhulupirira.

"Usamapereke latsopano usanalandire lakale. Uzichita ngati wa golosale ndi mabotolo ake: lopanda kanthu libwere, lodzaza lipite. Lakalelo ulidule pakati ndi chodulira, ulinyike m'madzi. Usamvere chisoni pepala. Ukalisiya lamoyo, mawa ukalipeza pamsika akulungira mandasi, wina n'kuwerenga, n'kukhulupirira.

"China ndi ichi, ndipo ndicho chachikulu. Anthu akwathu buku amalilemekeza. Akangolilandira amalikutira, wina ndi nyuzi, wina ndi pepala la simenti. Ndiye chikuto usachidalire. Tsegula mkati, uone ndi maso ako. Ngakhale munthuyo akhale m'busa, ngakhale akhale mnzanga, tsegula. Dzina lathu lili kumbuyo kwa buku lililonse. Mwana akamwa mankhwala olakwika, sadzanena kuti yalakwa ndi foni ayi. Adzati buku la a Stafford."

Liness anaseka pofuna kuwalimbitsa mtima. "Ababa, mukuyankhula ngati simudzakhalapo."

"Ndidzakhalapo," anatero iwo. "Nanga ukadula mokhota adzakukalipira ndani?"

Sanakhalepo. Mwezi womwewo usanathe tinawaika.

3. Lobiriwira lipite, lachikasu libwere

Maliro atatha, abungwe ankafuna kupititsa ntchito ija ku Blantyre. Ankati mwini shopu wapita, mtsikana angathe chiyani? Liness anakawapempha kuti amuyese, ndipo anamulola.

Anabwereka foni yawo, n'kumayang'ana chithunzi chilichonse, kufanizira ndi buku lakale. Zambiri zinali zomwezo. Chimene chinasintha chinali pa tsamba lapakati lija. Pulogalamu yatsopano inkayamba kufunsa kulemera, miyezi pambuyo. Mabokosi awiri anangosinthana malo basi.

"Kanthu kakang'ono ngati aka mpaka kusindikiza buku lonse?" ndinafunsa ine.

"Amayi, mwana wa zaka ziwiri ndi theka ali ndi miyezi sate. Mukalemba sate m'bokosi la kulemera, foni iganiza kuti ndi mwana wa sitandade faifi. Imupatsa mapiritsi a mwana wamkulu."

Chikuto cha latsopanolo anaika chobiriwira, kuti lisiyane ndi lachikasu.

Sabata yomweyo kampani ina yaikulu yosindikiza mabuku ku Blantyre inamuimbira foni kuti apite ku intavyu Lachisanu m'mawa. Ntchito imeneyo anali ataidikira chimalizireni sukulu. Anasita bulawuzi yoyera n'kuipachika pa msomali mu shopu kuti isakwinyike. A Luckson, mnyamata wa kubungwe amene ankayang'anira za mafoni, analonjeza kumutenga pa galimoto yawo Lachinayi madzulo, akangomaliza kusinthana mabuku.

Lachinayi azaumoyo anasonkhana pa boma. A Luckson anawaikira pulogalamu yatsopano m'mafoni onse, kenako onse anakhamukira pakhonde la shopu yathu. Kumwamba kunali bii, aliyense akufuna akwere matola mvula isanagwe. Ine ndinali mkati kumenya stepula, ndikumvera pazenera.

"Achemwali, muyambe ife akutali!"

"Akutali ndani? Inu a kwa Kanduku mumayenda wapansi n'kukapeza tiyi asanazizire!"

Pagulupo panali a Yakobe, a sikelo ya kwa Kambalame, kuseri kwa Thambani. Munthu wachikulire, waudongo, magalasi awo mwendo umodzi womanga ndi ulusi. Buku lawo lakale linali lokutidwa bwino ndi pepala la simenti, dzina atalemba pamwamba.

"Mwana wanga, undipatse awiri," anatero. "Limodzi ndi la a Flossie, anzanga a sikelo ya kutsidya kwa phiri. Ali pamaliro, ndangowatengera foni yokha."

"Lakale lawo lili kuti?"

"Linanyowa kalekale, linatha."

"Pepani bambo. Lopanda kanthu libwere, lodzaza lipite. Adzabwere okha tidzakambirane."

A Yakobe anaseka. "Stafford weniweni! Chabwino. Nanga langali tandipatsa ndilikutiriretu, mvula iyi ingandiwonongere. Pepala ndatenga kale."

"Mupereke kaye lakalelo."

"Iwe, ine ndi bambo ako tinkamwera limodzi thobwa iwe usanabadwe. Ndithawira kuti ndi buku? Ndikufuna ndionere mapindidwe ake basi."

Liness anawapatsa. A Yakobe anakhala pa benchi, mabuku onse awiri pantchafu, kupinda, kusalaza, kulemba dzina. Atamaliza, mabukuwo anafanana ngati mapasa. Nthawi yomweyo wa matola a ku Thambani anayamba kuliza hutala. A Yakobe anaimirira msangamsanga, limodzi anaponya m'chikwama, lina anapatsa Liness. Mzere unali wautali, a Luckson akuloza wotchi. Liness analiponya pamulu osalitsegula.

4. Chodulira chasiya kulira

Anthu atabalalika, mvula inayamba. Liness anakokera mulu wa mabuku akale pafupi ndi chodulira. Ankang'amba pepala lokutira, kuona chikasu, n'kudula. Chikasu, khaa. Chikasu, khaa. Kenako phokoso linasiya.

"Amayi."

Mawu ake anandiopsa ndisanaone n'komwe. M'manja mwake munali buku lobiriwira, latsopano, lonunkhira inki. Pansi panali pepala la simenti lolembedwa kuti Yakobe.

"Abwerera ndi lakale," anatero. "Foni yawo yasintha, buku ndi lakale. Ndipo sikelo yawo ndi mawa."

Anaimba foni ya a Yakobe, osapezeka. Anaimbanso, osapezeka. Anayesa mnzake wina wa pa Thambani, chimodzimodzi. Kumeneko mvula ikagwa ya mphepo, netiweki imathawa.

Galimoto ya abungwe inaima pakhomo. A Luckson anatsitsa galasi. "Abwana a ku Blantyre, tiyeni! Tikufuna tidutse pa Zalewa kusanade."

Liness anawaonetsa buku. A Luckson anatsika, anamvetsera, n'kukanda m'mutu.

"Aaa, achemwali, izi zisakudwalitseni mutu. Pafonipo palembedwa bwinobwino, weight apa, age apa. Munthu wamkulu ngati uja angasokoneze? Komanso m'mawa muja ndawafotokozera onse."

"Mumafotokozera anthu akuyang'ana mitambo. Magalasi awo munawaona? A Yakobe sawerenga pafoni, amaloza chala m'buku. Buku likati bokosi loyamba miyezi, iwo alemba miyezi."

"Ndiwatumizira meseji."

"Ifika liti? Kwa Kambalame netiweki amakaipeza pachulu."

"Ndiye Lolemba ndipitako ndekha, ndalonjeza."

"Sikelo ndi mawa, a Luckson. Tiperekezeni ku Thambani ndi galimotoyi."

"Sindingathe. Ikufunika ku Blantyre lero lomwe, ndikaikhotetsa ntchito yandithera. Tumani wa kabaza."

"Akakapeza mtsinje wadzaza abwerera, mawa adzatiuza kuti wapereka."

Ndiye ine ndinati, "Ndipita ine. Iwe kwera galimoto."

Anayang'ana mwendo wanga, umene unali utatupa chiyambireni maliro. "Amayi, kuchoka pa Thambani kukafika kwa Kambalame ndi phiri lokhalokha. Inu mukafika sikelo itatha."

Anaimbira a ku Blantyre kupempha tsiku lina. Ndinamva ndekha mawu a mayi wa kumeneko akutuluka m'foni: "Ofuna malowa ndi ambiri, achemwali. Mukapanda kubwera mawa, tiona ngati simukufuna."

Mtima wanga wa kholo unkafuna akwere galimoto. Ndinati, "Mwana wanga, mwina mawa sikubwera mwana wa malungo. Mwina a Yakobe azindikira okha. Mwayi ngati uwu subwerabwera kunyumba ya mkazi wamasiye."

"Dzinja lino, amayi? Mwana wa malungo asabwere?"

Anayang'ana bulawuzi pa msomali. Kenako anayang'ana chodulira cha bambo ake.

"Anandiuza kuti nditsegule mkati," anatero. "Sindinatsegule. Pitani, a Luckson."

A Luckson anapukusa mutu. "Mudzandikumbuka," anatero. Koma ponyamuka anasiya ambulera yawo pakhomo.

Liness anakulunga buku lobiriwira m'majumbo n'kulilowetsa m'malaya. Ine ndinamanga chitenje. "Wekha sindikulola," ndinatero. "Pa Thambani pali achemwali anga, tikagona kumeneko."

5. Msewu wa ku Thambani

Tinapeza matola omaliza, pikapu yodzaza matumba a feteleza ndi mbuzi. Dalaivala anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Agogo, mvula yonseyi mukuthamangira chiyani ku Thambani? Kuli chinkhoswe?"

"Kuli buku," anayankha Liness.

"Buku? Eee, anthu ophunzira inu muli ndi mavuto anuanu. Kwerani, koma mbuzizo musaziphunzitse Chingerezi."

Msewu unali phala lokhalokha. Galimoto inkayenda chammbali ngati nkhanu. Pa chitunda china inatitimira, amuna anatsika kukankha. Liness naye anatsika, dzanja limodzi pa galimoto, lina pachifuwa pamene panali buku.

Mayi wina amene anakhala pafupi nane anali wa kufupi ndi kwa Kambalame. Ndinamufunsa ngati kumeneko adzuka bwino.

"Malungo ndiye avuta, amayi," anatero. "Mwana wa Betty dzulo thupi linali moto. Akuti akudikira adokotala abwereko ku boma, mawa alawirira kusikelo."

Liness anamva. Anangogwiritsitsa pachifuwa paja.

Tinafika pa Thambani kukuda. Liness ankafuna apitirire, koma alamu anga, amuna a achemwali, anakaniratu.

"Kamtsinje kaja kadzaza mpaka m'minda," anatero. "Kanatenga kale ng'ombe kameneko, iwe ndiwe chiyani? Madzi safunsa kuti unalekera folomu yanji. Ukamira ndi bukulo, mwanayo wamuthandiza chiyani? Mudikire kuche. Kakaphwa ndikakuwolotsani ndekha."

Chakudya chimene anatipatsa Liness sanachikhudze.

6. Kapu yagubuduka

M'mawa mvula inali italeka. Tinafika pa kamtsinje, madzi ofiira, akadali olekeza m'chiuno. Alamu anati tidikire. Tinadikira, dzuwa likukwera, Liness akuyenda uku ndi uku ngati nkhuku yofuna poikira. Kutsidya tinaona amayi akudutsa ndi ana kumbuyo, kulowera kwa Kambalame.

"Ababa, sindidikiranso," anawauza alamu.

Anasenza buku pamutu, analimanga ndi mpango wanga. Alamu anamugwira dzanja, n'kulowa. Pakati madzi anamugwetsa, ine ndinakuwa, koma mutu sunamire. Atatulukira kutsidya sanacheuke n'komwe. Anangoyamba kuthamanga, nsapato m'manja.

Ine anandiwolotsa pambuyo, chondibereka ngati mwana. Phiri lija ndinalikwera ndi ndodo, ndikupumira pa mwala uliwonse. Njira yonse ndinkayankhula ndi malemu. Ndinkati, bambo a Liness, mwana wanu mukumuona? Ngati muli ndi mawu kumeneko, agwireni dzanja a Yakobe achedweko.

Nditafika ndinapeza anthu ali zii pansi pa mtengo wa mango pamene amapachika sikelo. Mayi wina wachitsikana anakhala pansi akulira, mwana ali pamiyendo. Kapu inali itagubuduka pafumbi. Liness anali matope mpaka m'khosi. A Yakobe anali atavula magalasi, atangowagwira m'manja.

"Wamwa?" ndinafunsa.

Mayi uja anangopitiriza kulira.

"Ndikufunsatu ine. Mwanayo wamwa?"

"Sanamwe, amayi," anatero Liness, akupumira m'mwamba. "Sanamwe."

Wolirayo anali Betty, ndipo ndi iye amene anandifotokozera. Ana oyambirira anali ongokwera sikelo. Wake, Sankhani, ndiye anali woyamba wa malungo. A Yakobe anamuyeza magazi pachala, n'kutsegula buku, chala pa mzere, kulemba pafoni. Foni inati amwe mapiritsi atatu nthawi imodzi. A Yakobe anadabwa, anafufuta n'kuyambanso. Atatu omwewo. Anayang'ana kamwanako, anayang'ana buku. Anati, "Koma lero foni yawolowa manja. Nanga buku ndi foni zikagwirizana, ine ndine ndani?" Ndiye anasungunula mapiritsiwo m'kapu.

"Ndinali nditamugwira kale mphuno, amayi," anatero Betty. "Ndangomva munthu akukuwa kuchokera m'chimanga umo, musamwetse, musamwetse! Tonse timayesa wamisala. Wafika n'kumenya kapu, phaa!"

Liness anamasula majumbo, anatsegula tsamba lapakati, n'kuliika pafupi ndi lakale. A Yakobe anavala magalasi. Anawerenga mokweza: "Bokosi loyamba, kulemera." Analemba. "Bokosi lachiwiri, miyezi." Analemba. Foni inati limodzi.

Sankhani anamwa, anachita tsinya, n'kulira mokweza. Amayi onse anapuma nthawi imodzi.

"Adokotala, chonchi mukanandiphera mwana!" anatero Betty.

"Achemwali, musawakalipire okha," anatero Liness. "Iwo anatsata buku. Amene anawalola kubwera ndi buku labodza ndine."

A Yakobe anaimirira. "Ayi, mwana wanga, usandisenzere katundu wanga. Inu amayi nonse mumve. Ntchito iyi ndinaiyamba tsitsi lili lakuda. Ana amene ndawanyamula pa sikelo iyi ena ali ndi ana awo. Lero maso anga anaona kuti mwanayu ndi wamng'ono, mtima unandiuza kuti atatu achuluka, koma ndinaopa kutsutsa pepala. Ndinakutira buku kuti lisade, osadziwa kuti ndikubisa nkhope yake. Ndiye ndikukuuzani, kaya ndi ine, kaya ndi wina: chinthu chikakudabwitsani, imani, funsani. Pepala likanama silichita manyazi. Wochita manyazi ndi munthu, ndipo wokalira kumanda ndi munthu."

7. Pepala la pakhoma

Liness anapempha chikwanje. Anatenga buku lakale, anang'amba pepala la simenti, anatsegula mkati kuti aone ndi maso ake, kenako analiika pa chitsa. Khaa. Zidutswa anaziponya mu ndowa ya madzi.

"Mayo, mapepala abwinobwino!" anadandaula mayi wina. "Bwenzi titakulungira zitumbuwa."

"N'chifukwa chake ndikuwanyika," anatero Liness.

Dzuwa linali litakwera. Ndinadziwa kuti ku Blantyre akuitana mayina, ndipo bulawuzi yoyera ili pa msomali mu shopu yotseka. Ndinamuyang'ana mwana wanga. Naye ankadziwa. Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kudzipaka matope kumaso konse.

"Buku lotsatira, amayi, ndidzalemba pansi pa tsamba lililonse kuti ndi kusindikiza kwachingati," anatero. "Akutire mmene angafunire."

A Yakobe ankayang'ana mu ndowa, mmene chidutswa cha tsamba lapakati chinkayandama. Mwadzidzidzi anagwira pakamwa.

"A Flossie."

"Atani a Flossie?"

"Buku lawo litanyowa, ndinakawajambulitsira tsamba ili pa Thambani. Analimata pakhoma pamene amaonera ana. Ndi limene amatsata. Ndipo foni yawo ndinapatsira amuna awo dzulo potsika matola."

"Yosintha kale?"

"Yosintha kale."

"Sikelo yawo ndi liti?"

"Maliro anaika dzulo. Anati atsegula lero lomwe, dzuwa likapendeka."

Liness anayang'ana phiri. Buku latsopano linali limodzi lokha, ndipo pamzere wa a Yakobe panali patatsala ana otentha thupi.

"Bukuli likhale kuno," anatero. "Pepala limenelo ndikalimatula ndi manja anga, ndikawaonetse pafoni pawo pomwepo." Anaseka pang'ono, koma maso ali ofiira. "Ababa anandiuza za mabotolo, za chikuto, za mandasi. Za fotokope ndiye anaiwala kundiuza."

Anavala nsapato zake zonyowa. "Amayi, inu mukhale pano ndi mwendowo." Mayi wina anamulozera njira yodutsa m'minda, ndipo ananyamuka, phewa limodzi lili pansi, ndendende mayendedwe a bambo ake.

Ndinakhala pa muzu wa mango, Sankhani akugona pamiyendo ya mayi ake. Ndinamuyang'ana Liness mpaka chimanga chinamubisa. Kuseri kwa phiri mitambo inali itayambanso kuda.

Inu amene mwamva, ndikupemphani chinthu chimodzi. Ine ndakalamba, posachedwa ndiyamba kuiwala. Mukatenga buku lokutidwa ndi nyuzi kapena ndi pepala la simenti, litseguleni mkati, ndipo potsegulapo muwatchule a Stafford a pa fotokope. Dzina lawo lisathere pamanda paja.